Mota ya Abambo M'chilimwe cha ku Matundo

Fungo la buledi wotentha amene timati mapau likasakanikirana ndi la gazolina, ine limandibwezera ku Matundo. Ndimapezeka ndili ndi zaka khumi, nditavala diresi yothetheka m'mapewa, mapazi akupsa m'mapatapata. Chinali chilimwe chachiwiri chibwerere kuchokera ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo ine ndili woberekedwa kumbuyo. Kwathu kwenikweni kunali ku Angonia, dziko lozizira la mbatata ndi mapichesi, koma ine ndinkangolimva m'kamwa mwa amayi. Mtendere utabwera, abambo anapita okha kukaona mudzi, ndipo anabwerako ndi mawu ochepa. Anati pamene panali nyumba yathu pamera mitengo, ndipo m'minda anthu akuopa kuponda chifukwa cha mabomba okwiriridwa. Choncho tinatsikira ku Tete, kumene ankati kuli ntchito.

Tinapeza malo kuseri kwa msika wa Matundo, tsidya lino la Zambezi. Nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri, yofolera ndi malata akale amene abambo anawongola ndi mwala. Kutentha kwa ku Tete sitinali tikukudziwa. Pofika teni koloko malata ankayamba kuthetheka ngati wina akuwaponya timiyala. Mbuzi zinkaunjikana pamthunzi wa mlambe, malilime ali panja, ndipo nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa. Madzi a mumtsuko ankafunda ngati aphitsidwa. Amayi ankanyowetsa kapulana, chitenje cha kumeneko, n'kuiyanika pakhomo kuti kamphepo kolowa kazizireko, koma pasanapite nthawi inkakhala itauma gwa. Ponseponse anthu anali kumanga. Kunali kugogoda kwa nyundo, utsi wa mauvuni a njerwa, ndi fumbi lofiira limene magalimoto akuluakulu ankatimwaza podikira kuwoloka mlatho.

Chuma chathu chonse chinali mota. Ku Malawi tinkati njinga yamoto, koma ku Tete aliyense ankati mota, ndipo nafenso tinazolowera. Abambo anaipeza posinthanitsa ndi makina osokera amene anabwera nawo kuchokera ku kampu ya othawa nkhondo. Inali yakale, yofiira mosuluka, mpando wake womangidwa ndi mphira. Chifukwa cha motayo, Dona Amelia, mwini padariya, nyumba yophikira mapau, ya kudera la Josina Machel kutauni, anawapatsa ntchito yonyamula mapau. Ulendo woyamba unali wa mbandakucha, wopita kumaokala a tsidya lino. Wachiwiri unali wamasana, wopita kwa anthu amene ankakonza msewu wa ku Moatize, oti mapau awapeze nthawi yopuma isanathe.

Sukulu yathu inali ndi zipinda zochepa, ndiye kalasi lathu linkaweruka dzuwa lisanafike pamutu. Ndikangofika kunyumba, abambo ankandikweza pa thanki, pakati pa mikono yawo, ndipo tinkawoloka mlatho kupita kutauni. Mlathowo unkagwedezeka galimoto yaikulu ikamadutsa, ndipo pansi madzi ankanyezimira mpaka maso kuchita chidima. Kupadariya ndinkathandiza kulongedza mapau mudengu lalikulu limene linkamangidwa kumbuyo. Koma ntchito imene abambo ankanditengera kwenikweni inali yokankha.

Mota yathu inali ndi khalidwe lake. M'mawa kukadali kamphepo, abambo akaponda kiki kawiri kapena katatu, inkalira. Koma ikayenda n'kutentha, kenako n'kuzimitsidwa, inkakana. Abambo ankaponda, n'kupondanso, thukuta likuchucha pachibwano n'kumagwera pa thanki. Mota inkangotsokomola, fungo la gazolina n'kudzaza malo onse. Pamenepo ankakwera, ine n'kugwira dengu kumbuyo n'kuyamba kuthamanga. Anyamata ogulitsa madzi oundana ankabwera kudzathandiza akuseka ndi kukuwa m'Chinyungwe. Nthawi zina inkalira titakankha pang'ono. Nthawi zina tinkakhala pansi pa mtengo kudikira kuti izizire, mapau akuuma mudengu. Ine ndinkakhulupirira kuti motayo inali ngati ife, yobadwira kozizira, ndipo dzuwa la ku Tete linkaifooketsa.

Abambo ankaikonda mota yawo, koma anali telala, osati makaniko. Madzulo aliwonse ankachotsa batire poopa akuba, n'kulikulunga m'sanza n'kuliika pansi pa bedi. Linali kabokosi kolemera ngati njerwa, ndipo pamitu pake panali zoyera zotuwira kubiriwira, ngati nkhungu ya pa chimanga chovunda. Akaona kuti madzi a m'kati atsika, ankatunga a mumtsuko, omwewo a ku Zambezi amene tinkamwa, n'kuthiramo ndi supuni. Ankachita zimenezi mosamala kwambiri, lilime lili pakona ya kamwa, monga ankachitira polowetsa ulusi m'singano.

Tsiku lina tinafika kumsewu anthu atabwerera kale kuntchito, ndipo kapitawo wawo anabweza dengu lonse. Mawa lake Dona Amelia anaitanira abambo pambali. Sanakalipe. Anali mayi wonenepa, wa ufa m'mikono, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chipwitikizi. Anati amawakonda abambo chifukwa saba ndiponso samwa, koma anthu a kumsewu adandaula kachitatu, ndipo pali mnyamata wina wa ku Canongola amene ali ndi mota yatsopano. Anawapatsa sabata imodzi. Pobwerera ndinkamva mtima wa abambo ukugunda pamsana panga. Amayi anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Ngakhale ndinali mwana, ndinkadziwa kuti dengu lija ndilo linkatidyetsa.

Chodabwitsa n'chakuti makaniko tinali naye pafupi, nyumba zinayi zokha kuchokera kwathu. Ana tonse tinkamutchula Tiyu Zeka, kutanthauza amalume Zeka. Anali mnyamata wamtali, wowonda, wopanda zala ziwiri kudzanja lamanzere. Ofisina yake inali chisakasa cha mabango pansi pa mtengo wa msawu, ndipo zipangizo zake ankasunga m'bokosi lachitsulo lobiriwira limene anapatsidwa potula mfuti. Aliyense ankadziwa kuti anali msilikali wa kutchire, wa mbali imene inawotcha midzi ya kwathu. Anthu ambiri a ku Matundo anali atasiya kufunsana za mbali, ndipo ankapita kwa iye ndi njinga, mawailesi ndi maprimasi. Abambo ayi. Tikamadutsa pachisakasapo ankayang'ana kumbali. Amayi atayesa kutchula dzina lake usiku wa tsiku la chenjezo lija, abambo anaika kapu pansi mwamphamvu.

"Manja amenewo asadzakhudze mota yanga," anatero. "Bola ndiisenze pamutu."

Njira ya kumpopi inkadutsa pa ofisinayo, ndipo ine ndinali ndi chizolowezi choima ndi ndowa yanga n'kumaonerera. Tiyu Zeka ankagwira ntchito mwakachetechete, akuika tizitsulo tonse m'mbale yakale mwandondomeko. Lachisanu la sabata imeneyo anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Anati amatimva tsiku lililonse tikukankha, ndipo kulira kwa mota yathu kumamuuza zinthu ziwiri kapena zitatu. Anafunsa kuti batire timalimwetsa madzi anji. Nditayankha kuti a mumtsuko, anatseka maso ngati wamva dzino kuwawa. Anabwerera ku wailesi imene ankakonza, ine n'kupitiriza ulendo wanga, madzi akutayikira m'khosi.

Lamlungu kunalibe ulendo wamasana. Titabwera kutchalitchi, abambo anabisa batire pansi pa bedi n'kupita wapansi kukaona munthu wa kwathu amene ankadwala ku Canongola. Amayi anagona pamkeka, miyendo itatupa. Ndinakwawira pansi pa bedi, ndinakoka batire, ndinalikulunga m'kapulana n'kulibereka kumbuyo ngati mwana. Potuluka ndinaona amayi atatsegula diso limodzi. Anandiyang'ana, anayang'ana katundu wanga, kenako anatembenukira kukhoma.

Tiyu Zeka atamasula kapulanayo anafunsa ngati abambo akudziwa. Ndinapukusa mutu kukana. Anakanda chipsera cha zala zake, kenako anandikokera chitini kuti ndikhalepo. Anati iye sakhudza kanthu kupatula pamene ine sindingathe, kuti pasakhale bodza. Anandituma kukapempha soda wophikira therere kwa mayi woyandikana naye. Tinamusungunula m'madzi ofunda, ndipo anandipatsa mswachi wakale kuti nditsuke mitu ya batire. Zoyera zija zinachita thovu n'kumalira kuti sii, ndipo pansi pake panatuluka mtovu wotuwa. Anandichenjeza kuti sodayo asalowe m'kati, ndiponso kuti ndisagwire m'maso, chifukwa madzi a m'batire amaboola ngakhale nsalu. Kenako ndinapala mituyo ndi sandipepa mpaka inawala.

Atatsegula tizivindikiro, anandionetsa m'kati ndi kagalasi. M'zipinda ziwiri timalata tinali pamtunda, touma. Anandifotokozera kuti kutentha kwa ku Tete kumamwa madzi a m'batire msanga, ndiye pamafunika kuyang'ana sabata iliyonse. Madzi a mumtsinje ali ndi mchere ndi dothi losaoneka, ndipo zimenezi zimamata timalatato mpaka batire kufooka. Anatulutsa botolo la galasi la madzi oyera mbee, amene ankawatcha agwa desitilada. Anati amawapanga yekha, powiritsa madzi n'kumatolera madontho a nthunzi otsika pachivindikiro. Ndinathira ndi kasirinji mpaka pa mzera wapamwamba, osapitirira. Atatero analumikiza batire ku kamakina kake kotchajira, kamene kankatenga magetsi pa waya wochokera kugolosale ya pafupi. Anati lifunika maola angapo. Apo m'pamene ndinachita mantha, chifukwa ndinkaganiza kuti ndi ntchito ya kanthawi kochepa.

Podikira anandiuza kuti batire ndi theka chabe la matenda. Anandisonyeza pa mota ina imene inali pamenepo kachitsulo kakuda kokhala ngati chitini cha mankhwala, pansi pa thanki. Anati dzina lake ndi bobina, ndipo ndi kamene kamatumiza moto ku injini. Kakatentha kamafooka, ndipo batire likakhalanso lofooka, motowo sukwanira. Anati injini yotentha sifuna gazolina wambiri. Abambo akamakoka kachitsulo kotsekera mpweya, kaja ka m'mawa kukazizira, amakhala akuimiza. Ikakana masana, ndiye kutseka kampopi ka gazolina, kusiya kachitsulo ka mpweya, kuziziritsa bobina ndi nsalu yonyowa koma yofinyidwa, kenako kupotokola chogwirira cha moto mpaka kumapeto n'kuponda. Anandibwerezetsa katatu ngati katekisimu. Anawonjezera kuti palinso mavavula a m'kati mwa injini amene akuoneka kuti athina, koma amenewo sangakonzedwe ndi mwana, ndipo amafuna injini yozizira.

Dzuwa linali litapendeka pamene ndinamva mawu a abambo kunyumba. Anali akukuwa kuti atibera. Amayi ayenera kuti anawauza, chifukwa posakhalitsa ndinaona abambo akubwera m'njira, akuyenda mofulumira, amayi akuwatsatira patali atagwira chiuno. Anthu anatuluka m'makomo. Ndinaimirira n'kunena mawu abambo asanatsegule pakamwa.

"Ndine ndinalitenga, abambo. Iwowa sananditume."

Abambo sanandiyang'ane. Maso awo anali pa Tiyu Zeka, amene anali ataimirira, manja ali pambali, mutu woweramitsa pang'ono.

"Mwana wanu ndiye watsuka ndi kuthira madzi," anatero Tiyu Zeka. "Ine ndangolumikiza mawaya. Ladzadza tsopano, mutha kulitenga."

Abambo anachotsa okha mawaya aja, ananyamula batire n'kutembenuka. Sanathokoze, sanatukwane. Kunyumba ndinadikira chikwapu, koma sichinabwere, ndipo kusabwerako kunandipweteka koposa. Anakhala pakhonde batire lili pamiyendo, akuyang'ana mitu yowala ija. Titadya, amayi anatereka mphika wa madzi pambaula, anapendeketsa chivindikiro n'kuika kapu yagalasi m'munsi mwake. Anandiuza mokweza, kuti a pakhonde amve, kuti ndiwaonetse mmene madzi a batire amapangidwira. Madontho anayamba kugwa limodzilimodzi. Abambo anakhosomola, koma sanatiletse.

Lolemba m'mawa mota inalira kiki yoyamba. Ndinaimva ndili pamkeka, ndipo ndinamwetulira m'chofunda. Masana tinatenga mapau ndipo inaliranso, ngakhale movutikira. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinayamba kuganiza kuti nkhani yatha. Lachitatu kunatentha kuposa masiku onse amene ndikukumbukira. Phula linkamata kumatayala, ndipo mapiri a kutsidya ankaoneka ngati akuvina. Titatenga mapau n'kufika pa mlatho tinapeza mzera wautali, chifukwa magalimoto akuluakulu ankawoloka imodziimodzi. Wapolisi anatiimitsa kumbuyo kwa galimoto ya matumba a simenti. Tinadikira injini ikulira pakati pa utsi, mpaka inayamba kutsokomola, n'kuzima yokha.

Mzera utayamba kuyenda, abambo anaponda kiki. Palibe. Anakoka kachitsulo ka mpweya n'kupondanso, kasanu, kakhumi. Chapa, minibasi imene inali kumbuyo kwathu, inayamba kuliza hutala, kondakitala akutukwana. Tinakankhira mota pambali. Malo okankhira mothamanga panalibe, chifukwa msewu unali wodzaza. Abambo anapondanso mwaukali, kiki inabwerera n'kuwamenya pamsongolo, magazi n'kuyamba kutsikira m'nsapato. Anakhala pansi pafumbi, anavula chipewa n'kuphimba nacho nkhope. Ndinali ndisanawaonepo atakhala pansi pamaso pa anthu. Ku kampu, ngakhale tsiku limene tinaika mlongo wanga wakhanda, anaimirira tsiku lonse.

Tinali ndi botolo la madzi akumwa. Ndinamasula duku langa, ndinalinyowetsa n'kulifinya, kenako ndinagwada n'kupisa dzanja pansi pa thanki. Injini inandiwotcha pamkono, ndipo chipsera chake ndili nacho. Ndinapeza kachitini kaja n'kukakulunga ndi duku. Ndinatseka kampopi ka gazolina, ndinabweza kachitsulo ka mpweya. Nditacheuka ndinapeza abambo achotsa chipewa kumaso, akundiyang'ana.

"Wakuuza ndi iye uja?" anafunsa.

"Inde, abambo. Anati tidikire pang'ono, kenako mupotokole moto wonse. Mpweya musatseke."

Tinadikira. Ndinanyowetsanso duku kachiwiri ndi madzi otsala. Mayi wina wogulitsa nsomba zouma anang'amba kansalu n'kupatsa abambo kuti amange bala. Kenako abambo anaimirira, anakwera, anapotokola chogwiriracho mpaka kumapeto n'kuponda ndi mwendo wovulala womwewo. Koyamba mota inatsokomola. Kachiwiri inatulutsa utsi wakuda. Kachitatu inabangula, mpaka mbuzi zimene zinali m'mbali mwa msewu zinabalalika. Ndinatsegula kampopi mofulumira n'kudumphira pa thanki. Tinafika kumsewu wa ku Moatize anthu atangokhala pansi pamthunzi wa galimoto yawo, ndipo kapitawo anayang'ana wotchi yake n'kulandira dengu. Pobwerera abambo anaimika mota pansi pa mtengo, ananyema pau limodzi lotsala n'kundipatsa mbali yaikulu. Anagwira mkono wanga n'kuuzira pamene ndinapsa.

Loweruka, atabwera ku ulendo wa mbandakucha, anasiya mota pamthunzi mpaka inazizira. Kenako anandiitana kuti ndiwathandize kukankha. Ndinkaganiza kuti tikupita kumsewu, koma anakhotera kuchisakasa cha mabango. Tiyu Zeka anaimirira, akupukuta manja. Abambo anati mwana akunena za mavavula, ndipo iwo sadziwa kuti n'chiyani. Ananena zimenezi akuyang'ana mtengo wa msawu. Tiyu Zeka anayala thumba pansi, anatsegula tizivindikiro tiwiri pamutu pa injini, n'kutulutsa timalata topyapyala ngati masamba a lumo. Anaonetsa abambo kuti kampata kamene kamayenera kukhalapo kanali katatsekeka. Chitsulo chikatentha chimafufuma, ndiye popanda kampatako vavula sitseka bwino, ndipo injini imataya mphamvu. Ntchitoyo inkafuna manja awiri athunthu, wina kugwira sipanala, wina kupotokola. Tiyu Zeka anayesa yekha, sipanala inapulumuka padzanja la zala zitatu lija. Abambo anaitola, anagwada pambali pake n'kugwira.

Anagwira ntchito mitu itayandikana, ine nditanyamula mbale ya tizitsulo. Patapita nthawi abambo anafunsa, mawu ali pansi, ngati iye anafikako ku Angonia nthawi ya nkhondo.

"Ndinafika malo ambiri, bambo. Ena mayina ake sindiwadziwa," anayankha. "Ananditenga ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, ndikudyetsa mbuzi. Sindingakuuzeni kuti manja angawa ndi oyera."

Sipanala inaima m'dzanja la abambo. Ntchentche inayenda pabala la pamsongolo, iwo osaiingitsa. Kenako anati iwo anali ndi mng'ono wawo, dzina lake Fabiyano, amene anatengedwa ali ndi zaka khumi ndi ziwiri akuchokera kuchigayo. Anali ndi mpata kumano ndi chipsera cha moto paphewa. Ine ndinali ndisanamvepo dzina limeneli m'nyumba mwathu. Tiyu Zeka anaganiza, anafunsa mudzi ndi chaka, kenako anapukusa mutu. Anati sanakumane naye, koma akudziwa anzake amene anatula mfuti m'malo osiyanasiyana, ndipo ena amabwera kudzakonzetsa njinga. Anati azifunsa. Abambo anagwedeza mutu, anagwiranso sipanala, ndipo anamaliza vavula yachiwiri.

Kuyambira tsiku limenelo mota inasiya kutichititsa manyazi. Inkalira m'mawa, inkalira masana, ndipo anyamata a madzi oundana ankatikuwira kuti tawalanda masewera. Dona Amelia sanatchulenso za mnyamata wa ku Canongola. Batire linakhala ntchito yanga. Lamlungu lililonse tikabwera kutchalitchi ndinkaliika pakhonde, kuyang'ana mizera, kuthira madzi a nthunzi, kupukuta mitu n'kupakapo girizi pang'ono. Abambo anaphunzira kuimika mota pamthunzi ndi kutseka kampopi akaima. Madzulo ankapatukira kuchisakasa ndi mapau awiri m'pepala. Tsiku lina ananditumiza kukabwereka makina osokera kwa mnansi, ndipo anasokera Tiyu Zeka ovolosi ya buluu, ya matumba ambiri oikamo masipanala.

Mvula yoyamba inagwa kumapeto kwa Novembala, masana, ndi mphepo imene inasasula mabango a ofisina. Ana tonse tinavina m'matope, ndipo abambo ndi Tiyu Zeka anathamangitsana ndi mabangowo mpaka kumsika, onse akuseka. Sabata yotsatira amayi anayamba kumva kupweteka dzuwa lili pamutu, abambo atangofika kuchokera kumsewu, injini ili yotentha. Anawakweza chammbali, atawamanga ndi kapulana kumsana kwawo. Anaponda kamodzi, ndipo inalira. Ndinaima pakhomo kuwayang'ana akupita kuchipatala pang'onopang'ono, akuzemba zithaphwi. Madzulo abambo anabwera okha kudzatenga phala ndi zovala, ndipo anaima kaye pachisakasa kunena kuti kwabadwa mwana wamwamuna.

Tiyu Zeka anafunsadi. Kwa zaka zingapo, munthu aliyense wachilendo amene ankabwera ndi njinga ankafunsidwa za mnyamata wa mpata kumano. Kawiri konse kunabwera mphekesera. Ulendo wina iye ndi abambo anakwera mota yomweyo mpaka kutali kumwera, masiku awiri, ndipo anakapeza kuti ndi munthu wina. Anabwerako atatuwa ndi fumbi, Tiyu Zeka akuyendetsa, abambo ali kumbuyo. A Fabiyano sanapezeke. Ine ndinakula, ndinaphunzira za magetsi, ndipo lero ndimaika ma sola m'zipatala za kumidzi. Ndikamauza anamwino kuti asathire madzi a pachitsime m'mabatire, ndimadzimva ndikulankhula pang'onopang'ono ngati munthu amene anandiphunzitsa.

Nthawi imeneyo ndinkanyada kuti ndine ndinapulumutsa ntchito ya abambo, ndi duku langa ndi mkono wanga wopsa. Ndinkaganizanso kuti abambo anapita kuchisakasa chifukwa mota inawagonjetsa. Nditakula ndinazindikira kuti amakaniko analipo ambiri kutauni, ndipo Loweruka limenelo akanatha kuwoloka mlatho n'kupita kwa wina aliyense. Iwo anasankha kuyenda nyumba zinayi zokha, ndipo ulendo umenewo unali wovuta kuposa wa ku Malawi. Anali ndi funso limene analisunga zaka zonse za ku kampu, ndipo munthu yekhayo amene akanaliyankha anali amene ankamuopa kumuyang'ana. Tiyu Zeka nayenso akanatha kundibweza ndi batire langa kuti apewe mavuto, kapena kunama pamene anafunsidwa. Sanachite zimenezo. Ndimathokoza kuti ndinalipo m'mawa umenewo, nditanyamula mbale ya tizitsulo, ngakhale kuti zimene ndinkasamala ine zinali zoti kanati kamodzi kasagwere mumchenga.